Sefuliya yalankhulanso: mbiri ya shopu yathu ya mawailesi akale

Mwezi uno tasamuka pakhonde pomwe tinkakonzera mawailesi, tsopano tili ndi shopu yathuyathu. Pashelefu yoyamba taikapo wailesi imene timainyadira kuposa zonse, ija Azungu ankaitcha Saucepan Special.

Achinyamata ambiri saidziwa. Inapangidwa ndi kampani ya Ever Ready ku Britain ndipo inayamba kugulitsidwa mu 1949, Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani m'boma la Northern Rhodesia (lero Zambia), atalimbikira kuti anthu akumudzi opanda magetsi azimva siteshoni ya ku Lusaka, yomwe inkaulutsa mawu m'Chinyanja mpaka kuno ku Malawi, komwe nthawiyo kunkatchedwa Nyasaland. Thupi lake ndi sefuliya yeniyeni ya aluminiyamu, yopanda chogwirira, yopakidwa utoto wabuluu, mabowo ake otchingidwa ndi kasefa kuti tizilombo tisalowe. Mkati muli mavalavu anayi, timababu tagalasi tomwe timakuza mawu. Mtengo unali mapaundi 5, batire padera, ndipo batirelo linkatha maola pafupifupi 300. Masiku a agogo athu, mudzi wonse unkakhala moizungulira n'kumamvera.

Vuto lalikulu la mawailesi amenewa ndi moto. Amafuna mavoti 90 mbali ina ndi 1.5 mbali ina, koma batire lotere linasiya kupangidwa kalekale. Ife timalumikiza timabatire khumi ta mavoti 9 m'kabokosi ka thabwa, n'kuwonjezera mabatire a tochi. Makapasita, tizipangizo tam'kati tosunga mphamvu ya magetsi, akatha timasintha, koma kunja sitikhudza, wailesi imaoneka monga inalili.

Chaka chatha tinatsala pang'ono kutseka. Bambo wina amene ankatiitanitsira mavalavu kunja analandira ndalama zonse za mpamba, n'kutibweretsera katoni ya mavalavu opsa. Foni yawo mpaka lero sayankha. Titapita kokongola, anatiseka kuti ndani angagule zakutha masiku a foni ano. Abwana amenewo abwere adzaone anthu akuima pakhomo pathu.

Tikuthokoza mayi a kunyumba, amene anagulitsa mtedza wawo wonse kuti tiyambirenso. Zikomo amalume, amene anatiphunzitsa kugwira chowotcherera nthambo tili ana. Zikomo anzathu a kumpingo, akalipentala otipangira mabokosi pangongole, mnyamata wathu wophunzira ntchito amene sanatithawe malipiro atachedwa, ndiponso agogo onse amene anatikhulupirira n'kutipatsa mawailesi, chuma cha malemu amuna awo, kuti tiwatsegule. Mulungu akudalitseni.

Ngati muli nayo wailesi ya mavalavu kudenga kapena pansi pa bedi, chonde musayese kuilumikiza ku batire la galimoto kapena la sola, mavalavu amapsa nthawi yomweyo. Bwerani nayo, kuyeza ndi kwaulere. Tinene zoona, sigwira FM, imakoka masiteshoni akutali a shortwave, makamaka usiku. Zokonzakonza zogulitsa zilipo zochepa, mabokosi a mabatire timapanga mukaitanitsa, ndipo zakufa timagulanso.