Mars ya ku Chiputula imayendera jenereta

Inde, n'zoona. Musavutikenso kufunsana kumbali. Ndinaimika anthu 14 pamzere usiku wa mu Julaye, kuzizira kwa Mzuzu kukuboola majekete, n'kuwaonetsa pa telesikopu getsi la pa tawala ya mafoni ndikuwauza kuti ndi Mars. Zoti ndinkalipiritsa K500 pamutu ndi bodza la mnyamata wa chipisi uja. Iyeyo anaonera ulere kawiri konse, ndipo ulendo wachiwiri anavula chipewa.

Poti nkhaniyi yafika kale ku Luwinga itamera nyanga ndi mchira, ndiloleni ndiinene ndekha mwini wake.

Telesikopuyo anandibweretsera alamu anga kuchokera ku Joni. Chubu chonenepa ngati mtondo, galasi la mamilimita 114 kumatako kwake, miyendo itatu ngati mafuwa. Pamsana pa chubucho pakhala kanthu kapulasitiki kokhala ndi kazenera kagalasi, pabokosi analemba kuti red dot finder. Kameneka ndi kamene kanandigulitsa. Telesikopu imaona kachigawo kochepetsetsa ka thambo, moti kusaka nyenyezi ndi iyo yokha kuli ngati kufuna mbuzi yosochera ku Kaning'ina ukusuzumira m'bango. Kazenera kaja sikakulitsa chinthu. Kamangoyatsa kadontho kofiira pagalasi, iwe n'kumakankha chubu mpaka kadonthoko kakhale pa chimene ukufuna kuona. Koma kadontho ndi chubu ziyambe zamvana kaye, ziziloza kumodzi. Kupanda apo zimakhala ngati banja loti bambo akuloza ku Ekwendeni, mayi ku Nkhata Bay.

Kabuku kake kanati usiku uzigwirizanitse pa nyenyezi ya Polaris chifukwa imeneyo siyendayenda. Wolembayo sanapondepo kuno. Ife tili madigiri 11 ndi theka kummwera kwa equator, Polaris yakeyo ili pansi pa nthaka, ngakhale mutakwera padenga la nyumba yosanja simungaione. Kanatinso ngati zavuta, chita masana: sankha chinthu chosasuntha, chakutali, kuposa theka la kilomita, ndipo usayerekeze kuloza dzuwa pokhapokha ngati watopa nalo diso lako.

Loweruka limenelo chifunga chinachoka cha m'ma 11 koloko, monga mwa mwambo wathu kuno. Ndinatulutsa chida pabwalo. Ulesi unandinong'oneza kuti theka la kilomita ndi kukokomeza chabe, ndiye ndinaloza peyala limene linali lende mumtengo wa alandilodi, mamita ngati 15 kuchoka pakhonde. Galasi linakana. Munkangooneka zobiriwira zotelereka ngati therere. Ndipo likanaoneka bwino sizikanathandizabe, chifukwa kazenera kali pamwamba, galasi lili pansi, ndiye zikamvana pa chinthu chapafupi, zimakasemphana kumwamba. Imikani chala kutsogolo kwa mphuno, tsinzinani diso ili kenako linalo, muona chala chikudumpha. Izi ndazidziwa pambuyo pake. Chimene ndinadziwa pompo n'chakuti kuseri kwa mtengo wa mapeyalawo kuli bafa.

"Bambo, chimfuti chanucho chikufuna chiyani kubafa kwanga?"

"Peyala, amayi."

"Peyala mpaka chubu? Simungangolipempha?"

Ndinawauza kuti asuzumiremo okha atsimikize. Anakana, anati iwo ndi mayi wa Umanyano, gulu la amayi a kumpingo.

Ndinatembenuza chubu mwachangu kuloza kumadzulo, kumene kuli tawala ija pakamtunda, pafupifupi kilomita imodzi kuchoka pathu. Apa ndiye ndikufuna mumve bwino, chifukwa apa ndinagwira ntchito yaukatswiri imene palibe akuitchula. Ndinaika kagalasi kosuzumirapo ka mamilimita 25. Telesikopu yanga ndi ya 900, ndiye 900 kugawa ndi 25, chinthu chimakula ka 36. Ndinasaka tawalayo mphindi 20. Ndinaona nthochi za eni, ndinaona denga ladzimbiri, ndinaona buluku la munthu pachingwe, zonse miyendo m'mwamba. Telesikopu zamtundu uwu zimatero, zimazondotsa zinthu, ndipo palibe amadandaula poti nyenyezi ilibe kumutu ndi kumiyendo. Nsonga ya tawala itapezeka, panali khwangwala atazondoka ngati mleme, akundiyang'ana ngati akudziwa zimene zikubwera.

Ndinaika nsongayo pakatikati, n'kumanga mabawuti onse kuti gwa. Kuyatsa kadontho, zii. Kuzimitsa, kuyatsanso, zii. Ndinatsala pang'ono kuimbira alamu kuti anawaba ku Joni, kenako ndinaona kapulasitiki katatulutsa lilime pansi pa batire. Kukoka, kadontho psuu. Padzuwa kankaoneka mozilala, ndiye ndinakapotokola mpaka pamapeto kuti kawale ndi mphamvu zake zonse. Pali timawilo tiwiri, kena kamayendetsa kadontho kumanja ndi kumanzere, kena kumwamba ndi pansi. Maso onse awiri ali tong'o, ndinapotokola pang'onopang'ono ngati munthu wosaka wailesi yakutali, mpaka kadontho kanakhala pansonga penipeni pamene panali khwangwala. Ndinasintha kagalasi, kuika ka mamilimita 10, kokulitsa ka 90. Nsonga ili pakati. Kadontho kali pansonga. Bambo ndi mayi anagwirizana ulendo wa ku Nkhata Bay.

"Abambo, nsima ikuzizira!"

Amene mwakhalapo ku Mzuzu mu Julaye mukudziwa kuti nsima ya kuno sidikira munthu. Ndinafunditsa telesikopu chitenje cha mayi a ana n'kulowa m'nyumba. Sindinaisunthe. Sindinazimitse kadontho. Kabatire kake ndi CR2032, kaja kangati kobiri, ndipo kanali katagona m'bokosi kaya zaka zingati. Kanayaka kokha pansi pa chitenje masana onse, n'kumwalira kopanda woona. Tsoka silinunkha.

Nthawi imeneyo ine n'kuti ndikulemba pagulu la WhatsApp la m'dera lathu kuti madzulo ano aliyense wofuna kuona dziko lina abwere atavala zofunda. Foni inali itandiuza kuti dzuwa likalowa, Mars ikhala kumadzulo, mmunsi ndithu.

Mdima utagwa ndinavundukula chitenje anthu ali tcheru. Kusuzumira pakazenera, kadontho kofiira kali mbee pakati. Ndinati eya, zonse zili m'malo mwake. Ndinaika diso pakagalasi kuti ndingoona pamene tili ndisanayambe kusaka, ndipo mtima wanga unaima. Chinthu chofiira, pakati penipeni, chowala mosaphethira. Abale, weruzani mwachilungamo. Foni yati kumadzulo, ndipo n'kumadzulo. Yati mmunsi, ndipo ndi mmunsi. Mars ndi yofiira, ichi n'chofiira. Mboni zitatu. Kukhoti munthu amamangidwa ndi ziwiri.

Chinali chaching'ono, ndiye ndinagwira kawilo ka pafupi ndi diso, kamene ine ndinkayesa kokulitsira. Ntchito yake yeniyeni n'kuchotsa chimbuuzi, koma ndani akanandiuza? Kupotokola, chinthu chikukula. Kupotokolanso, chikukulabe. Chinafufuma ngati donasi mumafuta, chozungulira, chofiira, pakati pali bowo lakuda bii, timizere tinayi tikuchoka pabowopo kupita m'mbali. Lero ndikudziwa kuti bowolo ndi chithunzithunzi cha kagalasi kakang'ono kamene kali kukamwa kwa chubu, ndipo timizereto ndi tizitsulo tokagwirizira. Usiku umenewo ndinatsokomola pang'ono n'kulengeza kuti chakudacho ndi Olympus Mons, phiri lalitali makilomita oposa 20. Ndinati Sapitwa ndi mamita 3,002, ndiye musanjike mapiri a Mulanje asanu ndi awiri kuti mufike pamenepo.

Anthu anati haa.

Ndinatenthedwa. Ndinawauza kuti chaka cha kumeneko ndi masiku 687, lendi ya pachaka ingatipweteke. Ndinawauza kuti thambo la kumeneko lili ndi miyezi iwiri, Phobos ndi Deimos. Ndinawauza kuti mu February 2021 kunatera kagalimoto kotchedwa Perseverance. Zonsezi n'zoona, kafufuzeni. Bodza linali limodzi lokha, ndipo linali m'chubu.

Akulu a mpingo anasuzumira nthawi yaitali, kenako anafunsa osadzutsa mutu, "Misewu inayiyi ndi ya tara?" Ndinati asayansi akufufuzabe. Agogo ena a kuseri kwathu atamaliza anawerama pang'ono n'kuuza telesikopu kuti "Yewo chomene." Alandilodi, omwe aja a Umanyano, anabwera atafunda bulangeti, anasuzumira, n'kunena kuti akuona ngati munthu akuyenda m'mbali mwa phirilo atasenza mtolo. Palibe amene anawatsutsa. Ine ndinati mwina.

Vuto linali kamtsikana ka aneba, ka Fomu 2.

"Ankolo, paja mwati dziko limazungulira madigiri 15 pa ola, ndiye tiziona msanga chifukwa chinthu chimathawa m'galasi pakangopita mphindi imodzi kapena ziwiri?"

"Eya."

"Nanga iyi bwanji yakhala pomwepo kuyambira nkhani za 7 koloko?"

"Ndamanga bwino mabawuti."

"Mwamanga telesikopu kapena mwamanga Mars?"

Mayi ake anakatsina pamkono, anati kasamayankhe akuluakulu. Ndinawayamikira mumtima. Ndikanadziwa, ndikanakapatsa mpando.

Cha m'ma 8 koloko magetsi anazima. Chiputula yonse mdima wandiweyani, kumangomveka ana akukuwa m'nyumba ndi agalu akuyankhana. Ine ndinasangalala, ndinati tsopano ndiye muona bwino, chifukwa mdani wa telesikopu ndi kuwala kwa m'tauni. Pakagalasi panali akulu a mpingo, ulendo wawo wachiwiri. Anakhala chete. Anapukuta diso ndi mpango. Anasuzumiranso.

"Achimwene," anatero mwaulemu, "yazima."

"Chazima n'chiyani?"

"Mars."

Ndinawakankha pang'ono, Mulungu andikhululukire, n'kuikapo diso langa. Mdima. Ndinapotokola kawilo uku ndi uku. Mdima. Phiri la makilomita 20, misewu inayi, munthu wa mtolo uja, zonse zapita. Ndinati ndi mtambo. Onse anayang'ana kumwamba, nyenyezi zili waa kuyambira uku mpaka uko, Mlalang'amba uli mbuu ngati ufa wotayika panjira ya kuchigayo, mtambo ngakhale wa chikhatho palibe. Ndinati ndiye ndi fumbi. Ndinafotokoza kuti kumeneko kumabuka fumbi lokuta dziko lonse, ndipo mu 2018 linaphimba dzuwa mpaka kagalimoto kena kotchedwa Opportunity kanasiya kulankhula. Izinso n'zoona. Alandilodi anagwira pachifuwa n'kunena kuti tiwakumbukire m'pemphero anthu akumeneko, makamaka wa mtolo uja. Akulu a mpingo anavula magalasi. Mnyamata wa chipisi anali atavula kale chipewa. Tinaima anthu 15, mitu pansi, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi, tikulira maliro a pulaneti imene yakhala ilipo zaka mabiliyoni anayi ndi theka koma yasankha kufera m'manja mwanga, pabwalo la lendi, ku Chiputula.

Mukachetechete ameneyo, kuchokera kukamtunda kuja, kunamveka kutsokomola. Kho. Kho-kho. Kenako du-du-du-du-du.

Kamtsikana kaja n'kuti katazembera pakagalasi. "Yayaka!"

Palibe amene anathamangira ku telesikopu. Mitu yonse inatembenukira kumene kunkachokera phokoso. Mzinda wonse uli bii, ndipo pakamtunda paja, pamwamba pa jenereta imene inkaguguda, panali getsi limodzi lofiira, lokhalokha, likuwala mosaphethira. Maso anachoka pagetsipo, anatsata mzere mumdima, anafika kukamwa kwa chubu changa. Mnyamata wa chipisi anatulutsa foni m'thumba, anaiyang'ana, n'kunena motsitsa mawu, "Netiweki yabwera."

Ndinayesabe. Ndinasuzumira pakazenera, ndinamasula bawuti, n'kukankha chubu pang'ono kumanja. Kadontho kenikeni kamayenda limodzi ndi chubu. Aka kanatsala pakamtunda.

Agogo aja anafunsa ngati yewo wawo angamutenge. Alandilodi anati iwo anakayikira kuyambira pa peyala. Akulu a mpingo sananene kanthu, anangondigwira paphewa n'kumapita, ndipo zimenezo n'zimene zinandiwawa kwambiri. Mars yeniyeni n'kuti italowa kale kuseri kwa mitengo. Ndipo ndikanaipeza, m'telesikopu yangayi ikanaoneka ngati kanjere ka mawere, anthu omwewa akanati ndawazizidwitsa pachabe.

Tsopano, sindikudziikira kumbuyo, koma pali zoti tinene. Kugwirizanitsa ndinagwirizanitsa. Ndinaloza nsonga ya tawala 1 koloko masana, 8 koloko usiku nsonga ili pakati osasuntha ngakhale tsitsi limodzi. Ndani wa inu angatero? Komanso amene anaganiza kuti kadontho kakhale kofiira, getsi la tawala likhale lofiira, pomwe Mars inali yofiira kale, ameneyo ndi amene muzimuseka. Mitundu ilipo yambiri. Alamu nawo akanaikamo batire yapadera. Ndipo ine sindinaone munthu wa mtolo. Amene anamuona akuyenda mwaufulu m'tauni muno, palibe akuwatchula dzina.

Batire yatsopano ndinakagula Lolemba kwa wokonza mawotchi cha ku msika wa Taifa. Wa kabaza, kuno timati sacramento, amene ananditenga pobwerera anafunsa kuti, "Tikutsikira pati bwana, kunyumba kapena ku Mars?" Kuyambira tsiku limenelo kwakhala kukuwaza kamvula kaja kosatha, lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi, thambo silinaoneke. Miyendo itatu ija mayi a ana akuyanikapo masokosi a ana pafupi ndi mbaula, akuti imauma bwino kuposa pachingwe.

Alandilodi dzulo anagogoda kufunsa kuti Mars ndidzaonetsa liti, kukubwera abale awo ochokera ku Rumphi. Ndinawafotokozera kuti ija sinali Mars. Anati akudziwa, koma abalewo sakudziwa.