Lachinayi: mawu akuti montage m'chipinda chodulira filimu

Lero m'mawa ophunzira awiri anakangana pa mawu amodzi a Chifalansa, montage. Wina ankati ndi ntchito yonse yodula filimu, mnzake ankati ndi kachigawo kaja komwe miyezi imatha m'mphindi imodzi nyimbo ikulira. Onse akunena zoona. Mawuwa amachokera ku monter, kutanthauza kulumikiza zidutswa, ndipo ku France amatchula ntchito yonseyo. Woigwira amatchedwa monteur, akakhala mayi monteuse. Ku Hollywood ndi kumene tanthauzo linapanikizika n'kutsala kachigawo kofupikitsa nthawi.

Koma mtima wa nkhaniyi uli ku Moscow. Wopanga mafilimu wa ku Russia, Lev Kuleshov, anatenga chithunzi chimodzimodzi cha nkhope ya katswiri wa zisudzo Ivan Mosjoukine n'kuchitsatiza ndi chithunzi cha mbale ya supu, kenako mwana ali m'bokosi la maliro, kenako mayi atagona pampando. Oonera anaona njala, chisoni ndi chilakolako, pomwe nkhope sinasinthe. Tanthauzo limabadwira pomwe zithunzi ziwiri zakumana. Amene sanamvetse zimenezi amangosanja zithunzi zokongola.

Masana inali ntchito yamanja: kuonetsa nyumba ikumangidwa m'masekondi 40. Nyimbo yake imagunda ka 120 pamphindi, filimu ikuyenda mafelemu 24 pasekondi (felemu ndi kachithunzi kamodzi kosayenda), choncho kugunda kumodzi ndi mafelemu 12. Chithunzi chilichonse choyenda chinapatsidwa kugunda kunayi, masekondi awiri, zonse pamodzi 20.

Zinatuluka zogonetsa tulo, chifukwa zithunzi zofanana kutalika zimamveka ngati wotchi yapakhoma. Chakumapeto, denga likukwera, tinazifupikitsa kufika mafelemu 24, kenako 12, tikuwonjezera zina, ndipo kachigawoko kanadzuka.

Vuto lachiwiri: zithunzi ziwiri za mmisiri yemweyo, zojambulidwa kamera ili pafupifupi malo amodzi, zinamuonetsa ngati wadumpha. Kamera imayenera kusuntha madigiri osachepera 30, apo ayi chithunzi chimodzi chikhale chapafupi, china chapatali. Popeza kujambulanso sikukanatheka, pakati pake panalowa manja akuika njerwa.

Chomwe chinadya nthawi madzulo ndi zithunzi za pafoni. Zinajambulidwa pa mafelemu 30 pasekondi, ndiye zikaikidwa pa 24 kompyuta imataya felemu imodzi pa asanu alionse, wilibala n'kumayenda modukizadukiza. Zitachedwetsedwa kufika pa 80 peresenti, felemu iliyonse inapeza malo ake. Phokoso la pamalopo nalo linachedwa, koma silikufunika, nyimbo yaliphimba.