Chifukwa chake timagulitsa jombo kwa alimi a mpunga

Kashopu kathu kali pafupi ndi msika wa Songani, m'mbali mwa msewu wochokera ku Zomba kupita ku Liwonde. Muli makasu, zikwakwa ndi matumba, koma katundu amene tinayambira, amenenso mtima wanga uli pa iye, ndi jombo za mphira. Ndinakaoda mapeyala 12 ku Limbe ndi ndalama ya ku banki mkhonde, n'kuwayala pa chiguduli pansi pa mtengo.

Bambo anga analima mpunga ku Domasi moyo wawo wonse, opanda nsapato, mapazi ali ming'alu yokhayokha. Anali ndi matenda a shuga. Chaka china mvula ili pakati anayamba kutentha thupi ndi kutsokomola, kenako chithupsa chachikulu pamwendo. Anawayeza malungo, anawayeza chifuwa chachikulu, zonse osapezeka. Anamwalira mpunga wawo usanache.

Patapita zaka, mng'ono wanga amene amagwira ntchito mu labotale anandiuza za matenda otchedwa melioidosis. Anandiuza mosamala, kuti ndisaganize kuti akundipatsa yankho la imfa ya bambo. Koma zimene anafotokoza zinandisowetsa tulo. Kachilombo kake, Burkholderia pseudomallei, kamakhala m'dothi ndi m'madzi a matope. Kamalowa pa bala kapena mng'alu, pomwa madzi osawiritsa, ngakhalenso popuma mpweya nthawi ya mvula yamkuntho. Kamakonda kwambiri anthu a shuga, odwala impso ndi omwa mowa kwambiri. Odwala amaoneka ngati ali ndi chibayo kapena chifuwa chachikulu, ndipo penisilini wamba sakagwira. Pamafunika jekeseni wa m'mitsempha wa ceftazidime kapena meropenem pafupifupi milungu iwiri kapena kuposa, kenako Bactrim miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi.

Matendawa si atsopano. Madokotala awiri, Alfred Whitmore ndi C. S. Krishnaswami, anawafotokoza ku Rangoon m'dziko la Burma (lero Myanmar) m'chaka cha 1912, ndipo lero amadziwika bwino kumpoto chakum'mawa kwa Thailand pakati pa alimi a mpunga, komanso ku Darwin m'dziko la Australia. Kumeneko madokotala amawaganizira msanga chifukwa ma labotale awo amakulitsa kachilomboka kuchokera m'magazi n'kukazindikira. Mu 2016 akatswiri anawerengera kuti anthu pafupifupi 165,000 amadwala chaka chilichonse padziko lonse, ndipo 89,000 amamwalira, ambiri m'maiko amene sayeza n'komwe. Kuno kwathu anapezekapo mwa kamnyamata kakang'ono ku Blantyre mu 2011. Ndikamva za mwana mmodziyo ndimaganiza za onse amene amadwalira kumudzi, kutali ndi makina oyezera magazi.

Ine si dokotala, ndipo labotale sindingamange. Chimene ndikanatha ndi kuika mphira pakati pa phazi la mlimi ndi matope.

Chaka choyamba malonda sanayende. Alimi ankagwira jombo, n'kufunsa mtengo, n'kubweza. Agogo ena anandiuza mosapita m'mbali kuti, "Mwanawe, zimenezi zimatentha, ndipo ukalowa nazo m'matope owokera mpunga umatuluka phazi lokha, jombo itatsala pansi." Ankanena zoona. Jombo zimene ndinaoda zinali zolemera, za anthu omanga nyumba. Ndinazigulitsa motchipa kwa anyamata oumba njerwa, n'kuyambanso kufunafuna zopepuka, zofewa, zogwira mwendo mpaka m'bondo. Zimenezo alimi anazilandira, makamaka amayi, amene ndi ambiri pa ntchito yowokera.

Vuto lina linali nthawi. Jombo imafunika mu Disembala ndi Januwale, pamene m'nyumba mulibe ndalama, ufa ukutha. Ndiye tinatsegula kabuku ka ngongole: munthu amatenga jombo pobzala, amalipira akakolola, ena ndi mpunga weniweniwo. Alipo amene sanabwere kudzalipira, ndipo ndalamayo inandipweteka. Koma ochuluka amabwera, ena atatenganso anzawo.

Pogulitsa sindiopseza anthu ndi dzina lachizungu lalitali. Ndimayamba ndi zimene akuzidziwa kale, likodzo, minga, mabotolo osweka. Kenako ndimafunsa ngati pakhomo pali wa shuga. Akavomera, ndimawauza kuti ameneyo ndiye ayambe kuvala, atsuke bala lililonse ndi sopo akaweruka kumunda, amwe madzi owiritsa m'dzinja. Ndipo thupi likatentha masiku angapo malungo osapezeka, abwerere kuchipatala akanene momveka kuti amalima m'matope ndipo ali ndi shuga. Mng'ono wanga amati mawu awiri amenewo amathandiza dokotala kuganizira zoyeza magazi mozama.

Chaka chino taonjezera saizi zing'onozing'ono, chifukwa ana asukulu nawonso amathandiza kuwokera Loweruka. Katundu watsopano afika kumayambiriro kwa Novembala, ndipo kabuku ka ngongole titsegula tsiku lomwelo.