Perekaniperekani wa ku Ennis

Mnzanga wa kuntchito anandiitana ku ukwati wa mchemwali wake ku Ennis, m'boma la Clare kumadzulo kwa Ireland. Ife okulira ku Zomba tikamva za ukwati, choyamba n'kukasinthitsa ndalama za perekaniperekani. Tsono yuro yapepala imayambira pa 5. Ndiziponya ma 5 usiku wonse, lendi ya ku Dublin ikundidikira? Ayi ndithu. Ndinadzaza matumba a jekete ndi zachitsulo, za 1 ndi za 2, moti ndikamayenda ndinkalira ngati mbale ya chopereka.

Titadya, oimba anakhala pamalo awo: vayolini, akodiyoni, chitoliro chamtengo, piyano ndi ng'oma. Agogo ena amene tinali nawo tebulo limodzi anandigwira mkono n'kuyamba kundilangiza. Anati nyimbo yomwe ikuyambayo ndi jig, imagunda katatukatatu, pomwe reel imagunda kanayikanayi, ndipo gule wa jig imeneyi ndi Siege of Ennis. Magule a céilí (chisangalalo chovina pagulu) ngati ameneyu anawafalitsa ndi a Gaelic League, bungwe lomwe linayamba mu 1893 pofuna kupulumutsa chinenero cha makolo cha ku Ireland, ndipo céilí yawo yoyamba anakachitira ku London mu 1897. Makolo awo, anatero agogowo, ankavinira m'khitchini ndi pamphambano, mpaka lamulo la 1935 linati gule aliyense wa anthu ambiri akhale ndi chiphaso. Anatchulanso Francis O'Neill, mwana wa ku Cork amene anakhala mkulu wa apolisi ku Chicago, n'kusindikiza nyimbo 1,850 m'buku limodzi mu 1903. Wapolisi wosonkhanitsa nyimbo! Ine ndinkangogwedeza mutu, maso ali pofunafuna beseni la ndalama. Silinaoneke.

"Tiyeni mwanawe," anatero agogo, n'kundikokera pabwalo.

Guleyu mumaima anayi mogwirana manja, kuyang'anizana ndi ena anayi. Mupite kutsogolo, mubwerere, muyende chammbali, muzungulirane, kenako mudutse kunsi kwa mikono ya anzanuwo mukakumane ndi anayi ena. Chiuno sichigwira ntchito, ndi mapazi okhaokha. Ndinkayesetsa ndithu.

Titadutsa mizere ingapo, ndinangoona uyu mkwatibwi, ali maso ndi maso ndi ine. Ndinati nthawi ndi imeneyi, a Malawi tisachite manyazi. Ndinapisa m'matumba manja onse awiri, n'kumwaza m'mwamba, nthungululu ndikuimba ndekha.

Ngwee! Ngwee! Ngwee! Pansi potereka pamatabwa, nsapato za anthu zachikopa. Amalume a mkwati anaponda ya 2, mwendo fyuu, ndipo popeza anali atagwirana manja, mzere wonse unapita nawo pansi. Gule ameneyu sadikira munthu. Anayi a kumbuyo anatulukira kunsi kwa mikono n'kugwera pa anzawowo, enanso anabwera. Oimba sanaleke ngakhale pang'ono, koma wa akodiyoni ankaliza akuyang'ana m'tambula yake ya Guinness, momwe ndalama ina inali itamira. Ana analowa pakati pa miyendo ya anthu n'kuyamba kutola.

Mayi a mkwatibwi anandifunsa modekha ngati mwana wawo anandilakwirapo. Mnzanga uja, misozi ili mbwee ndi kuseka, anawafotokozera kuti kwathu ameneyu ndi ulemu waukulu. Agogo aja anamvetsera bwinobwino, kenako anafunsa:

"Ndiye kwanuko mumagenda mkwatibwi ndi zitsulo?"

"Ayi agogo, timaponya zapepala."

"Oho. Ife ndiye mwationa otchipa?"

Amalume aja, akusisita bondo, anagamula mlandu pompo: aliyense amene wagwa ndimugulire chakumwa. Anthu amene anafika pa bala akutsimphina anachuluka kuposa amene ndinawaona akugwa, ndipo mmodzi mwa iwo anali woimba piyano, amene sanadzuke pampando usiku wonse.