Kuchoka pojambula mafupa kupita kowotcha khansa

Ife amene tinaphunzira zojambula odwala ku Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe, anatiphunzitsa kuumira ndi cheza, mphamvu yosaoneka imene makina ojambulira amatulutsa. Wodwala alandire chochepa, chongokwanira kuti fupa lothyoka kapena chifuwa chioneke, basi. Ndi mmene ndakhala ndikugwirira ntchito kuno ku Mzuzu. Ndiye nditayamba maphunziro a radiotherapy, amene anthu amangoti kuwotcha khansa, mutu unayamba waima kaye, chifukwa kumeneko cheza chimaperekedwa chambiri mwadala, ndipo chikalowa m'thupi palibe wochibweza.

Muyeso wake amautcha gray. Mayi wa khansa ya khomo la chiberekero nthawi zambiri amalandira magray 45 mpaka 50 kuchokera kunja kwa thupi, koma osati tsiku limodzi. Amagawa 1.8 kapena 2 patsiku, Lolemba mpaka Lachisanu, kwa masabata 5, kuti minofu yabwino izipeza mpata wodzikonza pamene chotupa chikufooka. Pamwamba pake pamabwera mankhwala a khansa otchedwa cisplatin kamodzi pa sabata, kenako brachytherapy, pomwe kachipangizo kotulutsa cheza kamalowetsedwa mkati, pafupi penipeni ndi chotupacho. Zonsezi zithe pasanadutse masabata 8. Zikapitirira, maselo a khansa otsala amaswana mofulumira ndipo mwayi wochira umatsika.

Masabata 8 amenewa andiganizitsa kuposa phunziro lina lililonse. Kale odwala athu ankatumizidwa ku India, ku Tanzania kapena ku Zambia, ndipo opita anali ochepa. Lero makina alipo pa National Cancer Centre ku Kamuzu Central Hospital, ndi ku Blantyre pa chipatala cholipiritsa. Kumpoto kuno kulibe. Mayi wa ku Chitipa afike kaye ku Mzuzu, akwere basi kudutsa Chikangawa, Jenda, Kasungu, makilomita oposa 300, ali ndi gadiyani wake ndi kathumba ka ufa. Ali pa sabata yachitatu amva kuti kumudzi kwagwa maliro, kapena mvula yobzalira yagwa munda ulibe munthu. Akanyamuka Lachinayi n'kubwerera sabata inayo, dokotala ndi wa fizikisi ayambenso kuwerengera mmene angabwezere masiku otayikawo. Mtsogoleri wa gulu lowotcha khansa amene amangodziwa makina, osadziwa kuti lero sanabwere ndani ndipo chamuletsa n'chiyani, ntchito yamuthawa.

Palinso za chilankhulo. Mayi ameneyu amauzidwa kumwa madzi omwewo, nthawi yomweyo asanalowe, kuti chikhodzodzo chidzaze mofanana tsiku lililonse n'kukankhira matumbo kutali ndi cheza. Mukamufotokozera m'Chichewa cha ku Lilongwe iye akumva Chilambya kapena Chitumbuka, adzagwedeza mutu mwaulemu, mawa abwere asanamwe. Ndikanakhala wolemba anthu ntchito, funso loti amalankhula zilankhulo ziti ndikanalifunsa pamodzi ndi la satifiketi.

Gululo palokha ndi la anthu amaphunziro osiyana. Dokotala wa khansa amalemba mlingo ndi kuzunguliza chotupa pa zithunzi za CT, makina ojambula m'kati mwa thupi. Wa fizikisi amayeza mphamvu ya makina ndi kutsimikiza pulani ya kawotchedwe. Namwino amaona khungu, magazi ndi kudya. Injiniya ndiye amadziwika tsiku limene linac, makina owotcherawo, yakana kudzuka. Koma amene amakumana ndi wodwala tsiku ndi tsiku, kumugoneka, kulunjikitsa timadontho ta inki ta pakhungu lake ndi mizere ya laser, ndi wowotchayo, ntchito imene ndikuilowera ineyo.

Tinawerenga za ngozi ya ku San José m'dziko la Costa Rica mu 1996. Anasintha cobalt-60, chitsulo chotulutsa cheza, m'makina, chifukwa mphamvu yake imatsika ndi theka pa zaka 5 ndi miyezi ingapo. Poyeza watsopanoyo, 0.3 ya mphindi, yomwe ndi masekondi 18, inatengedwa ngati masekondi 30. Makina anaoneka ngati ofooka pamene anali amphamvu, odwala n'kumagonekedwa nthawi yaitali kuposa yoyenera. Anthu oposa 100 analandira cheza chopyola muyeso, ena anamwalira. Chondikhudza ine n'chakuti cobalt watsopano amayenera kufupikitsa nthawi yowotcha. Woyamba kuona kuti mphindi sizinatsike ndi amene wakhala pa batani, munthu wamng'ono kwambiri pa gulu lonselo. Funso n'lakuti akayankhula, amveka?

Kwathu kuno si chapafupi. Tinakula tikumva kuti mawu a akulu akoma akagonera, ndipo mwana wabwino ndi amene amati "chabwino bwana" n'kumakang'ung'udza panja. M'chipinda chowotchera ulemu wotere ungaphe munthu. N'chifukwa chake pa makina pamakhala anthu awiri, wina kuwerenga dzina, mbali ya thupi ndi mlingo mokweza, wina kutsimikiza, ndipo aliyense wa iwo ali ndi mphamvu yoimitsa. Koma lamulo lopachika pakhoma silimasula pakamwa pa mwana amene waonapo mnzake akukalipiridwa pagulu chifukwa chofunsa.

Ndinaganiza zosadikira udindo, ndayambira kuno ku X-ray ndi ana asukulu amene amabwera kudzaphunzira ntchito. Mmawa wina kamtsikana kena, fomu ili m'manja, kanandinong'oneza kuti, "Madamu, pepani, apa alemba bondo lamanzere koma agogowa akugwira lamanja." Mawu akutuluka monjenjemera, maso pansi. Tinaimitsa, tinatumiza kukafunsa kuwodi, ndipo pa tiyi ndinanena anzake onse akumva kuti chimene wachita ndiyo ntchitoyo. Sabata yotsatira mafunso anachuluka, ena opanda mutu ndithu, ndipo amachedwetsa mzere. Ndimawayankhabe.

Kwa anzanga ofuna kulowera kumeneku, khomo ndi lopapatiza koma lilipo. Dziko lathu lili ndi lamulo la Atomic Energy Act la 2011, ndi bungwe la AERA loyang'anira kagwiritsidwe ntchito ka cheza, choncho za kudziteteza ndi kabaji ka dosimeter koyezera cheza chimene walandira muzidziwe bwino. Bungwe la IAEA la ku Vienna, loona za nyukiliya pa dziko lonse, linaika Malawi m'gulu la mayiko oyamba a pologalamu yothandiza pa chithandizo cha khansa ya Rays of Hope mu 2022, ndipo lili ndi zowerenga zaulere pa intaneti, bola bandulo ndi magetsi. Fizikisi musaithawe. Ndipo ngati pamene mukugwira ntchito pali CT, khalani pamenepo mpaka muzitha kuloza chikhodzodzo, chiberekero ndi thumbo lakumapeto pa chithunzi chilichonse. Mwezi wa mawa tikuyamba kupanga mapulani a m'chiuno, ndipo aphunzitsi anena kale kuti wosazindikira ziwalozi asakhudze kompyuta.