Kuchoka ku Dedza kapena ku Ntcheu kukafika ku Likoma pa Ilala ndi chikwama chimodzi kumsana

Ife a kumapiri kuno nyanja tili nayo pafupi kuposa mmene timaganizira. Mukatsika basi pa Masasa n'kugwira msewu wa Khwekhwerere, mumatsetsereka mpaka pa Golomoti, ndipo kuchoka pamenepo pali msewu wolunjika ku Monkey Bay, komwe kuli doko la sitima yapamadzi ya Ilala. Chimene chimavuta anthu a kuno si mtunda ayi, koma kupangira ulendo wa pamadzi ngati wa minibasi, woti ukaphonya iyi ukwera inayo. Panyanja amalamula ndi awiri, tsiku la sitima ndi mphepo, ndipo zonse muzikonze motsatira awiriwa.

Ilala inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera m'zidutswa kudzera ku Mozambique, ndipo inayamba kuyenda panyanja yathu mu 1951. Imayenda ulendo umodzi pa sabata, kuchoka ku Monkey Bay kukafika ku Chilumba n'kubwerera. Kwa zaka zambiri dongosolo lake lakhala lakuti inyamuke Lachisanu m'mawa, ifike ku Likoma Loweruka, idutse pa Chizumulu kupita ku Nkhata Bay ndi kumpoto, kenako idzadutsenso ku Likoma Lachiwiri n'kukafika ku Monkey Bay Lachitatu. Werengani bwino pamenepa: mukatsika Loweruka muli ndi masiku atatu pachilumba, ndipo ikakusiyani Lachiwiri, ina yolowera kumwera ndi ya sabata yotsatira. Sitimayi ndi yakale, nthawi zina imakhala pokonzedwa, ndiye imbani kudoko musanachoke pakhomo, n'kudzaimbanso dzulo lake la ulendo. Kagoneni ku Monkey Bay Lachinayi. Wonyamuka ku Lizulu Lachisanu m'bandakucha amadalira galimoto zodikira kudzaza kawiri kapena katatu panjira, ndipo sitima sidikira munthu. Pobwerera musaike chinthu chachikulu, kaya ndi ntchito kaya chinkhoswe, tsiku lotsatana ndi lofika. Kukweza ndi kutsitsa katundu pamadoko kumadya maola, ndipo maolawo amaunjikana.

Nkhani ya mphepo ndiyo anthu a kuno amaiphonya kwambiri. Miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti, pamene kuno chifunga chimaphimba phiri la Dedza, ambiri amafuna kuthawira kunyanja kukamva kutentha. Koma imeneyi ndiyo nyengo ya mwera, mphepo yochokera kumwera chakum'mawa, yomwe imatha kuwomba masiku angapo osapuma n'kuutsa mafunde akuluakulu, makamaka pakati pa Nkhotakota ndi Likoma pomwe sitima imadula nyanja poyera popanda phiri lotchinga. M'nyengo ya mvula kumabwera mpoto ndi anamondwe adzidzidzi. Kwa woyamba kumene ndingasankhe Epulo ndi Meyi, kapena Seputembala ndi Okutobala, ngakhale kuti Okutobala kunyanja kumatentha zedi kwa munthu wozolowera ku Bembeke.

Malo m'sitima alipo a mitundu ingapo. Pali zipinda zokhala ndi bedi, zomwe n'zochepa ndipo zimafuna kusungitsa kukadali nthawi. Pali pamwamba penipeni pomwe mumagona panja, pali kalasi yachiwiri, ndiponso pansi pomwe pamakhala anthu ambiri pamodzi ndi matumba a chimanga, nsomba zouma ndi makatoni. Ngati thumba likulola, pamwamba ndi pabwino chifukwa pali mpweya ndi malo otambasula miyendo. Koma usiku pamazizira komanso pamagwa mame, choncho bulangete ndi juzi zimene timadalira kuno musazisiye poganiza kuti kunyanja n'kotentha. Wosachedwa kuchita mseru atsikire m'munsi chapakati pa sitima mafunde akakula, chifukwa pamwamba ndi kutsogolo ndi komwe kumagwedezeka kwambiri. Ayang'ane kutali komwe madzi akumana ndi thambo, asawerenge za pafoni, ndipo ngati ali ndi mapiritsi a mseru amwe ola limodzi sitima isananyamuke. Akamwa atayamba kale kusanza sagwira ntchito, amangotuluka. Mapiritsiwa amagonetsa, ndiye chikwama chikhale chomangirira kumwendo kapena chotsamira.

Chikwama chikhale chimodzi, cholemera osapitirira makilogalamu 12, choti mungathe kuchinyamula pamutu. Chifukwa chake ndi ichi. Pamadoko angapo Ilala sifika kumtunda, imaponya nangula patali ndipo anthu amatsikira m'maboti ang'onoang'ono a injini omwe amawafikitsa kugombe. Mumatsika pamakwerero achitsulo oterera, boti lili kukwera ndi kutsika ndi mafunde pansi panu, nthawi zina usiku, anthu akukankhana kumbuyo, matumba akudutsa pamwamba pa mitu. Kugombe mumatsikira m'madzi ofika m'mawondo, pena m'chiuno. Apa ndi pamene mafoni amanyowa ndiponso anthu amavulala. Musathamangire boti loyamba. Limabwerera kangapo mpaka onse atatha, ndipo lachitatu kapena lachinayi limakhala ndi malo. Manja onse awiri akhale opanda kanthu, tochi ikhale yovala pamutu. Dikirani funde likweze boti kufika pafupi ndi phazi lanu, pondani pamenepo, ndipo musaike dzanja kapena phazi pakati pa boti ndi sitima. Mukakhala pansi vulani chikwama kumsana muchiike pamiyendo. Munthu akagwera m'madzi atamanga chikwama ndi malamba onse, chimamwa madzi n'kumukokera pansi asanamasule. Ambirife kuno sitidziwa kusambira, si chamanyazi kunena zimenezi kwa oyendetsa boti ndi kupempha jekete yoyandamitsa. Mwana asatsike yekha, apatsiridwe dzanja ndi dzanja.

Mkati mwa chikwama yalani jumbo lalikulu lolimba, zovala zonse zilowe mmenemo, kukamwa kwake mupotokole n'kumanga ndi mphira. Foni, chiphaso cha unzika, ndalama ndi pawabanki zikhale m'majumbo awiri, lina mkati mwa linzake, ndipo zikhale pathupi panu osati m'chikwama. Kuphazi valani nsapato zapulasitiki zomanga kuchidendene. Masilipasi amavuka m'madzi ndipo amaterera pachitsulo chonyowa. Chitenje musachiiwale, abambo omwe: n'choyala, n'chotchingira dzuwa, n'chopukutira, ndipo chimauma msanga.

Chakudya chimagulitsidwa m'sitima, nsima kapena mpunga ndi ndiwo, koma sitima ikachedwa chimatha kuperewera, ndiye tengani kamba wa masiku awiri. Mtedza wokazinga, chimanga chokazinga, mabanzi ndi nthochi zosapsetsa zimapirira. Kachewere wophika wa ku Tsangano, yemwe kuno amagona mpaka mawa osavuta, kunyanja amasasa tsiku lomwelo. Thobwa m'botolo lotseka limawira ndi kutentha mpaka kuphulitsa chitsekerero m'chikwama. Madzi akumwa werengerani malita 3 pa munthu pa tsiku, ndipo kabotolo ka WaterGuard, mankhwala ophera tizilombo m'madzi akumwa, kamakuthandizani pachilumba: kachitsekerero kamodzi pa malita 20, n'kudikira mphindi 30 musanamwe. Onjezani mapaketi angapo a Thanzi ORS.

Likoma ndi kachilumba ka masikweya kilomita pafupifupi 18, ndipo pamodzi ndi Chizumulu zili m'madzi a Mozambique ngakhale kuti ndi dziko la Malawi. Mumaziyenda wapansi, pakati pa milambe ndi miyala, m'mawa kapena madzulo dzuwa litafooka. Tchalitchi chachikulu cha Anglican cha St Peter's, chimene anayamba kumanga mu 1903 pamalo otchedwa Chipyela, n'choyenera kuchipatsa m'mawa wathunthu, ndipo ngati mwafika Loweruka, mapemphero a Lamulungu muli nawo. Valani mwaulemu ndipo pemphani musanajambule. Nsima yodziwika kumeneko ndi kondowole, ya ufa wa chinangwa, yomata m'manja ndiponso yokhalitsa m'mimba, ndipo ndi usipa kapena utaka wa tsiku lomwelo imakoma. Zinthu za m'golosale zimakwererako mtengo chifukwa pafupifupi zonse zimabwera pamadzi. Tengani ndalama zogwirika, zambiri zikhale zing'onozing'ono. Airtel Money ndi Mpamba zimathandiza, koma wothandizira akhoza kukhala alibe ndalama zokwanira kukupatsani tsiku limenelo. Gombe la Cobue likuonekera pafupi kutsidya, koma kumeneko ndi dziko lina, musawoloke popanda mapepala oyendera.

Pakati pa Likoma ndi Chizumulu pamayenda maboti a matabwa, ena a injini, ena a thanga. Ulendo wa thanga ndi wokoma, ndipo ndi umene ambiri amaufuna, koma apa mpamene pamafunika maso. Musanakwere yang'anani mmene boti lamirira: ngati m'mphepete mwake mwatsala pang'ono kukhudza madzi muli padoko pabata, pakati pa nyanja mafunde adzalowa. Onani ngati muli chokapira madzi, nkhafi, ndi majekete. La injini funsani ngati mafuta alipo opita ndi otsala. Nyamukani m'mawa, osati madzulo, kuti chikavuta china kukhale kukuwala. Asodzi achikulire akanena kuti lero nyanja si yabwino, mverani, ngakhale mnyamata wa boti akukuuzani kuti tifika. Boti la thanga lilibe ola lofikira, mphepo ikaleka mumangoyandama, choncho musawoloke tsiku lomwe mukufuna kukwera Ilala. Ndi bwino kukagona ku Chizumulu n'kuikwerera komweko, popeza imaima pazilumba zonse ziwiri.

Udzudzu kunyanja ndi wambiri kuposa kuno kozizira, ndipo malungo amagwira mwamphamvu munthu amene thupi lake silinawazolowere. Tengani neti yanu ndi chingwe cha mamita 5, chifukwa malo ogona otchipa neti zake zimakhala zobooka. Mukabwerako n'kumva kutentha thupi, ngakhale patapita sabata imodzi kapena ziwiri, kayezetseni tsiku lomwelo ndipo muwauze achipatala kuti munali kunyanja. Likodzo limapezeka kwambiri m'madzi odekha a m'bango ndi pafupi ndi midzi, momwe mumakhala nkhono. Sambirani pamalo a miyala kapena mchenga pomwe mafunde amamenya, mutafunsa eni dera za ng'ona, ndipo musalowe m'madzi kukada. Mankhwala a likodzo, praziquantel, sagwira bwino tizilombo tikadali tating'ono, ndiye kumwa tsiku lobwerera n'kutaya mankhwala. Dikirani masabata 6 mpaka 8 kuchokera tsiku lomaliza kulowa m'madzi, kenako pitani kuchipatala akakuyezeni ndi kukupatsani mlingo wogwirizana ndi kulemera kwa thupi lanu.