A Klein awiri ndege imodzi

Ine ndimagwira ntchito ya udalaivala ku Joni, kwa banja lina la Chiyuda ku Glenhazel. Lachisanu lina mmamawa madamu akuti thamangani ku OR Tambo mukatenge amalume anga, akutsika ndege ya ku Frankfurt, dzina ndi Klein. Ndikuwafunsa kuti amaoneka bwanji, iwo ali bize ndi mapoto a Sabata, angoti lembani dzinalo pa katoni akupezani okha.

Ndaima pamenepo ndi katoni yanga, kukutulukira chimzungu chachitali ngati mlongoti, kabudula wa khaki, kamera pakhosi, chikuloza katoni nkudziloza pamtima. Ine moni bwana, zikwama mu buti, ulendo. Munjira akundifunsa kuti mikango tiyiona nthawi yanji, ine kuseka kuti koma amalume awawa ndi anthabwala bwanji, ndikuti bwana mkango ulipo umodzi kunyumbako, uli kukhitchini.

Kufika pageti madamu atuluka manja ali mmwamba kuti awakumbatire, nkungouma pomwepo. Awa ndani? Ine ndikuti si a Klein anu. Mzungu naye watulutsa pasipoti, zoonadi Klein, wa ku Germany, wabwera kuzaona nyama ku Kruger ndipo akufunsa kuti loji yake ndi imeneyi?

Madamu ali pa foni kukalipa, bambo awo achikulire aja anangokhala pakhonde kuseka mpaka kutsokomola, kenako akundiitana kuti ndikhale pansi andiphunzitse, ngati inali nthawi yake. Akuti Klein mu Chijeremani ndi wamng'ono, poyamba linali lonenerana chabe, munthu wamfupi kapena wamng'ono pa anthu awiri a dzina limodzi, ndipo ku Germany lero lili mgulu la mayina 20 ofala kwambiri, kutsogolo kuli Müller ndi Schmidt. Ayuda ambiri kalelo analibe dzina la banja, ankangoti uje mwana wa uje, mpaka mu 1787 mfumu Joseph II ya ku Austria inalamula kuti Myuda aliyense atenge dzina lokhazikika la Chijeremani, Prussia nayo inatsatira mu 1812. Ndiye ku Hungary komwe kunachokera mtundu wa akazi awo kunangodzadza ma Klein, Gross, Weiss, Schwarz. Ena anawolokera ku America, akuti ngakhale Calvin Klein wa makabudula amkati uja ndi Myuda wobadwira ku Bronx mu 1942. Apa nde ndinawayankha kuti agogo, ndiye munandituma ngati kukaima pa Chileka ndi katoni yolemba Phiri, theka la ndege likwera galimoto yanu.

Nanga amalume enieniwo? Foni yawo inali yozima, inalira cha mma 12 koloko. Kankhalamba kakafupi zedi, kanaona katoni ina ya Klein, ya dalaivala wa loji, nkukwera nkugona tulo. Kadzidzimuka kali pa N4 kudutsa Middelburg kakuona minda ya chimanga yokhayokha, kakufunsa kuti Glenhazel munamusamutsa liti.

Ndiye ineyo ndi chimzungu changa pamsewu, madamu akuimba mphindi iliyonse kuti dzuwa likalowa amalume sakwera galimoto ndi Sabata. Tinakasinthana pa filing'i sitesheni, dalaivala mnzangayo kumuyang'anitsitsa ndi wa ku Mangochi, tinangopatsana moni wamanyazi aliyense nkutenga Klein wake. Mjeremani anandisiyira 200 rand, madamu anadula 300 ya petulo.